Makutu a kwa Mbewe m'Baisikopo

Inu anzanga mumandiseka kuti ndine wamantha, kuti ndimawiritsa ndi supuni ya mwana yomwe, kuti ndikakhoma chitseko ndimafika pamsewu n'kubwereranso kukachigwedeza. Sindikana, ndine yemweyo. Koma lero mumve kuti munthu wosamala akati alakwe salakwa mwachisawawa ngati enanu ayi. Amalakwa mwadongosolo, cholakwa ichi n'kuchiyala bwinobwino, china n'kuchisanjika pamwamba pake, mpaka mulu. Ine ndinalakwa motero Loweruka lina masana, nyengo yozizira, m'baisikopo ya m'tauni, ndipo ndikakumbukira sindidziwa ngati ndibise nkhope kapena ndimange chitenge m'chiuno ndivine. Kawirikawiri ndimavina.

Zonse zinayamba ndi alamu anga a Lazalo, mng'ono wawo wa amuna anga. Anabwera kwathu ku Kabwata ine ndili ndi pakati, ati masabata ochepa chabe, poti kwa makolo awo ku Woodlands mapemphero a m'mawa ndi madzulo anali atawakwana. Mwana wathu Daliso anabadwa, anamera mano, anayamba kukwawa, a Lazalo akadali pa mpando wautali wa pabalaza. Nyumba za ku Kabwata mukuzidziwa, ukayetsemula kuchipinda wa pabalaza amakupepesa. Munthu wake ndi wabwino, wanthabwala, ndipo ine ndi iwo timanyozana tsiku lonse monga mwa chilamu, kulandana ndiwo, kukokana makutu, palibe wokwiya. Koma ntchito yawo ndi ya mawaya a lamya, ndiye akaweruka ankakonza mawailesi a anthu pa tebulo langa lodyera. Pansi ponse tizitsulo, tizidutswa ta waya, mabatire otha otuluka zoyera zija. Ndinkasesa chogwada, ndi manja.

Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinazindikira kuti Daliso wakhala chete, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti mwana wokwawa akakhala chete ndiye kuti kwagwa kanthu. Ndinamupeza pansi pa tebulo akutafuna. Ndinapisa chala m'kamwa mwake n'kutulutsamo kamsomali kopota ka wailesi, konyowa ndi malovu. Ndinakhala pansi pomwepo, mwana akundiseka. Ndinalumbira kuti alamu anga atuluka m'nyumba muno mwana wanga asanameze wailesi yonse.

Njira inalipo, yosayambanitsa anthu. Kuntchito kwa a Lazalo amapereka nyumba ku Chelstone, koma kwa okwatira okha. Mkazi nayenso analipo, Esnati, wotayipa pa ofesi ina m'tauni, mtsikana wofatsa amene anadikira mpaka anzake onse a kwaya anakwatiwa iye akuwaimbira. A Lazalo ankamukonda, zimenezo palibe angatsutse. Koma ukangotchula mawu oti ankhoswe, munthu ankayamba kufufuza chinachake m'matumba. "Tizaona, mlamu. Tizaona mailo." Mawa lakelo silinkacha.

Ndinadandaula kwa amuna anga. "Amake Daliso," iwo anatero, "ndi mng'ono wanga, ndimuthamangitse bwanji? Za ukwati mwini wake ndi atate." Zoona. Mawu amodzi a apongozi anga aamuna, a Mbewe aakulu, akanathetsa zonse. Koma ine mpongozi ndikawauze bwanji? Ife a ku Katete, ngakhale takhalitsa m'tauni, mwambo umenewu sitinausiye pa siteshoni ya basi. Sindikhala nawo mpando umodzi, sindidya iwo akuona, ndikamawapatsa madzi ndimagwada chapatali maso ali pansi, tikakumana panjira ndimapatuka n'kugwada m'fumbi momwemo. Chikwatiwire, mawu amene ndinawalankhulapo ndi "Tili bwino, kaya inu atate," basi. Kuwonjezera apo ndi mkulu wa mpingo, mwini chipewa chakuda chija chimene chikangoonekera pa geti la tchalitchi anyamata amapisira malaya m'thalauza. Ndi iwo amene anaima pamaso pa mpingo n'kunena kuti baisikopo ndi khonde la Satana: mdima, utsi wa fodya ndi azungu opsompsonana.

Nzeru ndinaitola pa mzere wogula saladi, mafuta ophikira osowa aja. Mayi wina amene ndinaima naye ankasimba za filimu yoseketsa imene inkaonetsedwa m'tauni, ya mnyamata wokonda mkazi koma woopa ukwati ngati njoka. Ndinati eya, mankhwala ndi amenewa. Inu mukudziwa kuti anthu a Lusaka saonera filimu chete, amaweruza mlandu. Ndiye ndinakonza zoti ine sindidzatsegula pakamwa ngakhale pang'ono. Ndidzangowakhazika a Lazalo pakati pa khamu, Esnati pambali pawo, anthu osawadziwa awauze zonse zimene ine ndimameza. Kodi pali pulani yosamala kuposa imeneyo? Za khonde la Satana ndinaziganizira ndithu, koma ndinati masana Satana sakhala ndi mphamvu kwenikweni.

Ndinawanyengerera awiriwo kuti chibadwire mwana sindinaone tauni, andiperekeze. Amuna anga anali ku ntchito. Ndinanyamula chikwama ngati wopita kumudzi: mathewera, botolo la madzi owiritsa, majuzi, thonje lotseka m'makutu mwa mwana kuti phokoso lisamuwononge, ndi ambulera, mu Juni, mwezi woti mvula siinagwepo chiyambire dziko.

Pano ndikuuzeni za makutu, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Amuna a kwa Mbewe ali ndi makutu awoawo. Amatuluka m'mbali ngati zogwirira za poto, ndipo kuwala kukawagunda amaoneka ofiirira. Daliso atabadwa, apongozi aakazi sanayang'ane nkhope, anangoona makutu n'kuyamba nthungululu. Ine ndinkanyada kuti pa khamu lililonse, kaya pa msika kaya pa maliro, wa kwa Mbewe ndimamuloza ngakhale atandifulatira.

Tinalowa, mwamuna wa tochi anatilozera pokhala chakutsogolo, magetsi anazima. Filimu yake inali ya mzungu wa tsitsi lalitali, wogulitsa nsapato, ndi chibwenzi chake chokongola choleza mtima. Apita kukagula mphete, mnyamata akomoka m'sitolo. Makolo a mkazi abwera kudzamuona, iye abisala m'kabati ya zovala mpaka alendo adya n'kupita. Atate ake a mnyamatayo nawo, nthawi zonse ali pa mpando, nyuzipepala kumaso, kaya kunja kukugwa chiyani. Mkazi akati tikwatirana liti, iye ati mawa. Sipanatenge nthawi, khamu linamupatsa dzina.

"Ba Mailo! Ba Mailo bayambako futi!"

"Iwe mudala, kwatila chabe! Uyopa chani, aluma?"

Mwamuna wina wa mawu okhuthala anati, "Musiyeni, ni wochenjela uyu. Ukwati ni jele!"

"Jele ndiye imakuwashila masokosi?" anayankha mayi wina kumbuyo, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Mtsikana wina analangiza mkazi wa m'filimuyo ngati m'bale wake: "Sisi, musiye uyo! Bamuna ni bambili, kwela basi inangu!" Ndiye mdala wina anafunsa mochokera pansi pa mtima, ngati zamupweteka ndithu: "Koma bamalume bake uyu mukazi bali kuti? Bazungu balibe bamalume?"

Ndinasuzumira kumbali. A Lazalo ankatsetsereka pa mpando pang'onopang'ono, makutu okha ndiwo anatsala pamwamba. Esnati ankaseka kuposa aliyense, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Ndinati mumtima, Mulungu ndi wabwino, mankhwala akugwira, ndipo ine sindinanene kanthu.

Pamenepo Daliso naye anapereka maganizo ake pa filimuyo, m'thewera. Fungo linayenda mzere wonse, anthu anasiya Ba Mailo n'kutembenukira kwa ine. "Amai ba mwana, tamvela! Tavomela!" Ndinatuluka chowerama, ndikupepesa mawondo a anthu. Kunja ndinamusintha mosamala monga mwa chizolowezi changa, kupukuta, kudzoza, kufunditsa, kusamba m'manja, kusambanso, thewera loipa n'kulikulunga m'pepala la pulasitiki. Pobwerera ndinapeza khomo limene ndinatulukira atalitseka, ndiye ndinazungulira n'kulowera la mbali inayo, chakumbuyo. Mwamuna wa tochi anali uko akukangana ndi osuta fodya, ndipo ine sindikonda kuvutitsa anthu. Ndinati ndidzipezera ndekha. Ndivutikirenji, ine katswiri wa makutu?

Ndinaima mu mdima, m'maso mukadali dzuwa la kunja, n'kumayang'ana mitu ya anthu pa kuwala kwa filimu. Mitu yometa, mitu ya maduku, mitu ya tsitsi lofutukuka la masiku ano lija. Kenako ndinawaona. Zogwirira za poto ziwiri, zofiirira. Mipando ya m'mbali mwake inalibe anthu. Nthawi imeneyo m'filimu mkazi uja anali atavala diresi la ukwati akulira pakhomo la tchalitchi, mwamuna atathawira pa windo, thalauza lake litakodwa pa mpanda. Ndinangoti basi, Esnati walephera kupirira, watuluka kukalira. Mtima unandinyamuka. Pulani yonse yokhala chete ija ndinaiiwala.

Ndinadziponya pa mpando. Chinachake chofewa chinaphwanyika pansi panga, ndinati ndi pepala la zakudya limene wina wasiya.

"Esnati ali kuti?" ndinanong'ona. "Wapita kukalira eti? Mwaona ntchito zanu?"

Munthu anangouma gwa, sikafu atakokera mpaka pamphuno. Ndinati manyazi awagwira, mpata ndi womwewu.

"Gwirani mwana, ndimange chitenge." Ndinamutula Daliso m'manja mwawo, kaphukusi ka thewera n'kukaika pa mawondo awo. "Ndi ichi chomwe. Muzolowere, za m'banja ndi zimenezi."

Apa ndiye ndikanazindikira. Daliso akanyamulidwa ndi a Lazalo amalira ngati waona jekeseni, koma apa anangoseka, anayamba kusewera ndi mabatani a jekete, mutu n'kutsamira pachifuwa ngati wafika kwawo. Ine m'malo modabwa ndinati, "Onani, ngakhale mwana wavomereza kuti mwakula." Ndinamva fungo la mtedza wokazinga, ndinapapasa, ndinapeza kapepala m'dzanja mwawo, ndinalanda. "Mumadya nokha? N'chifukwa chake simukwatira." Ndinatafuna mtedzawo mosabisa, pakamwa pali pafupi ndi khutu lawo.

"Tamverani, alamu. Mwana wa eni mwamuimika pa mzere ngati wodikira saladi, chaka chino, chaka chamawa, mzere wosasuntha. Nyumba ikukudikirani ku Chelstone, inu mwadzipinda pa mpando wanga ngati mphaka. Mukuopa chiyani? Akulu anu anakwatira, afa? Mukundimva kodi?" Ndinagwira khutu lija, lonse, n'kulipotoza monga timachitira kunyumba. "Makutu onsewa ndi a ntchito yanji ngati samva?"

Munthu anangoti, "Mmh."

Mayi wa masokosi uja anali kumbuyo kwathu kwenikweni. "Muuzeni, amai! Ba Mailo bali muno muno!" Wina anawonjeza, "Potolani na kutu linangu!" Wina, "Yankha, mudala, bakufunsa!" Inu, kodi munayamba mwachemereredwapo ndi anthu osakudziwani? Zimaledzeretsa. Ine amene ndimaopa kubweza tomato woola pa msika ndinadzimva ngati tcheyamani pa msonkhano wa chipani.

"Ndipo atate anu nawo!" ndinapitiriza. "Ku tchalitchi ndiye akatswiri. Masiketi aafupi a ana a eni, mabaisikopo, mowa, zonse amaziona. Koma mwana wawo akuzunza mtsikana wa m'kwaya yawo yomwe, iwo chete. Mwawaona atate a m'filimuwo, nyuzipepala kumaso nyumba ikupsa? Ndi a Mbewe enieni amenewo, kusiyana khungu lokha. Chipewa chokha kuopsa! Ine akanandilola kulankhula nawo ndikanawauza kuti mdzukulu wawo yekhayo ndinamuchotsa msomali wa wailesi m'kamwa. Msomali, alamu! Akanameza, bwenzi pano tikunena zina."

Pamenepo ndinaona mkono wawo ukumufungatira mwana mwamphamvu. Kenako anakhosomola, kamodzi, kuchokera pansi. Kukhosomola kumeneko ndinakudziwa, koma mutu unakana kundiuza kumene ndinakumva. Ndi kuja kumamveka Lamulungu lililonse munthu asananene kuti tiyeni tipemphere.

M'filimu Ba Mailo anazindikira kupusa kwake, anathamangira basi imene mkazi anakwera, thalauza lili ng'ambi, n'kugwada pakati pa msewu. Holo inagawikana. Azimayi nthungululu, azibambo kukuwa, "Mwamuna kugwadila mukazi? Bamudyesa uyu!" Mdala wa amalume uja anadandaulanso, "Manje bakwatilana chabe so, kulibe na nkhuku?" Ine ndinagunda munthu wanga ndi chigongono. "Mwaona? Ngakhale chitsiru chimafika pozindikira."

Magetsi anayaka.

Anzanga, ndinatembenuka ndikumwetulira, khungu la mtedza lili pa mlomo. Amene anakhala pambali panga, mwana ali m'manja, thewera loipa lili pa mawondo, khutu limodzi lili psuu, anali a Mbewe aakulu. Apongozi anga. Mkulu wa mpingo. Ndipo chofewa chimene ndinakhalira chija chinali chipewa chakuda.

Ndikanathawa, koma mukudziwa zimene zimachitika filimu ikatha. Mbendera inaonekera pa chinsalu, nyimbo ya fuko inayamba, holo yonse inaimirira njo, maso kutsogolo, poti wosuntha pa nyimbo imeneyo amakafotokozera kwina. Uko kutsogolo, mbali inayo, ndinaona makutu ena awiri, a Lazalo, Esnati ali pambali pawo, osalira n'komwe. Koma mawondo anga sadziwa za boma. Anangoona apongozi, anapinda okha. Ndinapezeka ndagwada pakati pa mipando, pa makoko a mtedza, ndikuomba m'manja mwaulemu.

Tochi inandiwala kumaso. "Imwe amai! Ni nyimbo ya dziko iyi! Imani! Mufuna mukagone ku polisi na mwana?"

Ndinadzuka. Diso linapita kumbali, linaona jekete la apongozi, mawondo anapindanso.

"Amai!"

Ndinadzukanso. Ndiuzeni inu, mukanatani? Uku boma likuti ima, uku mwambo ukuti gwada, ndipo onse awiri ali ndi mphamvu yondichotsa m'nyumba mwanga. Ndiye ndinasankha pakati. Ndinalendewera m'malere, osaima osagwada, ngati munthu wofuna kukhala pa mpando umene wina wachotsa, dzanja limodzi lili m'mbali ngati msilikali, linalo likufunafuna linzake loti liombe nalo. Nyimbo ija sindinkadziwa kuti ndi yaitali choncho. Ntchafu zinkanjenjemera, thukuta kutsika mu Juni.

Apongozi anaima chilili, mwana ali pa mkono, maso ali pa mbendera. Kenako ndinamva mawu otsika kwambiri, otulukira pambali pa kamwa: "Amake Daliso, imani bwino. Boma liyambe kulandira ulemu wake. Ine ndidikira."

Amenewo ndiwo mawu oyamba aatali amene anandilankhulapo chilowere m'banja lawo.

Nyimbo itatha anthu anayamba kukankhana potuluka, ine ndinagwada zenizeni tsopano. Ndinati ndipepese koma pakamwa panangotuluka mpweya wa mtedza. Iwo anandipatsa mwana, anandipatsa kaphukusi kanga ndi manja awiri ngati mphatso, anatola chipewa chawo chitaphwatalala ngati mbale n'kuchikhoma nkhonya mkati.

"Ine lero ndili ku msonkhano wa akulu a mpingo," anatero akuyang'ana chipewacho. "Mwamva?"

"Ndamva, atate."

"Amayi anu akudziwa choncho. Lazalo adziwenso choncho."

"Inde, atate."

Kenako anafunsa, "Msomali uja unali waukulu bwanji?"

Ndinawaonetsa pa chala, maso ali pansi. Anapuma mozama, anamugwira Daliso patsaya.

Mwamuna wa tochi uja anafika, ine n'kuti basi wabwera kudzanditenga. Koma anandidutsa n'kupatsa moni apongozi. "Ba shikulu, shani? Mwaiona bwanji ya lelo? Sabata ibwela kuli ya mahachi na mfuti, mupando wanu nizasunga."

Apongozi anavala chipewa chopindika chija ndi ulemu wonse. "Ya lero inali ndi phunziro," anayankha. "Mnyamata uja si woipa. Olakwa ndi atate ake." Anatulukira khomo la kumbali, sikafu ili pamphuno.

Kunja ndinapeza a Lazalo ndi Esnati akundifunafuna. "Mlamu, munasowera kuti? Mwaphonya! Kumbuyo akuti mayi wina anagwira mwamuna wake khutu, anthu akuchemerera. Mudala uja ndamumvera chisoni." Ndinati mwana anavuta, ndinakhala pafupi ndi khomo. M'basi ndinayesa kufunsa kuti filimu aiona bwanji. Esnati anati mkazi uja anali ndi mtima wabwino mopitirira, n'kuyang'ana pa windo. A Lazalo anati, "Mnyamata uja anangomuumiriza. Munthu azipatsidwa nthawi yoganiza." Mwamva? Holo yonse inakuwa mpaka kusasa mawu, iwo phunziro limene anatolapo ndi limenelo! Ndinaona kuti ndataya zonse. Alamu sakuchoka, msomali wina ukudikira pansi pa tebulo, ndipo ine ndapotoza khutu la apongozi pachabe.

Mawa lake ku tchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni, duku nditakokera m'maso, ndikudikira kuti andiitanire ku bwalo la akulu, kapena atumize uthenga kwa amalume anga kuti bwerani mudzatenge mwana wanu wolanda mtedza. M'mutu ndinali nditayamba kale kulongedza, mpaka kuganiza kuti madzi a ku Katete ndizikawiritsa pa chiyani.

Masana tinangoona chipewa chakuda pa geti, chopindika mbali imodzi, apongozi aakazi ali pambuyo. Ndinapereka madzi chogwada n'kuthawira kukhitchini, chitseko osatsekeratu. A Mbewe aakulu sanakhale pansi msanga. Anayenda pabalaza maso ali pansi, anawerama, anatola kachidutswa ka waya, anatola batire, n'kuziika pa tebulo patsogolo pa a Lazalo. Kenako kukhosomola kuja.

"Ana anga, ndikupatseni fanizo. Kudziko lina lakutali kunali mnyamata wogulitsa nsapato."

Ndinaluma chitenge. Anasimba yonse, inu! Za kukomoka m'sitolo ya mphete, za kubisala m'kabati, za thalauza lokodwa pa mpanda wa tchalitchi, mpaka anaimirira kusonyeza mmene linang'ambikira. Amuna anga ankangogwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.

"Atate," a Lazalo anafunsa ndi kamawu kakang'ono, "nkhani imeneyi mwaimva kuti?"

"Ndinawerenga."

"Ili m'buku liti?" anafunsa apongozi aakazi. "Ine Baibulo ndalimaliza kangapo, wogulitsa nsapato sindinamuonemo."

"Ili m'mabuku a akulu a mpingo okha, amayi. Tsono mverani. Anthu amene anamva nkhaniyi anagawikana. Ena ankati mnyamatayo ndi wochenjera, ena ankati ndi chitsiru, wina mpaka anafunsa ngati mtsikanayo analibe amalume. Koma panali mayi mmodzi amene ananena zoona, kuti wolakwa ndi tate amene amaona za m'nyumba za eni, za m'nyumba mwake osaziona. Mayi ameneyo analankhula mwamphamvu." Anasisita khutu lija pang'onopang'ono. "Mwamphamvu ndithu. Lazalo, Loweruka likudzali ankhoswe akupita kwa amalume a Esnati."

"Atate, tizaona..."

"Taona kale."

Kukhitchini ine ndinavina, Daliso ali kumsana, mwakachetechete, chiuno chokha.

Ukwati unachitika mvula isanagwe. A Lazalo ali ku Chelstone tsopano, anenepa, ndipo amauza aliyense kuti iwo anali atakonza kale zokwatira, ankangodikira nthawi yabwino. Esnati amangowayang'ana. Pabalaza panga mukhoza kudyerapo pansi, Daliso amayenda paliponse, ndipo chimene ndimachotsa m'kamwa mwake masiku ano ndi chala chake chokha. Apongozi ndimawagwadirabe chapatali monga kale, za tsiku lija sitinatchulepo, koma akabwera kudzaona mdzukulu amasiya kapepala ka mtedza wokazinga pa tebulo. "N'ka amake Daliso," amatero akuyang'ana kudenga. "Ndinamva kuti amaukonda." Apongozi aakazi mpaka lero amadabwa kuti anamva kwa yani, ndiye inu mukakumana nawo ku msika, simunamve kanthu kwa ine.

Ndinapambana, ndipo sindichita manyazi kunena. Koma sindidzalozanso munthu ndi makutu. Mu mdima ndizifunsa dzina lake, la atate ake ndi mudzi umene achokera ndisanagwire chilichonse chake. Ndipo Loweruka masana ku baisikopo sindidzapondako, filimu ikome bwanji. Nthawi imeneyo ndi ya msonkhano wa akulu a mpingo.